Matambula Asanu a Achimwene a Lasten

Achimwene anga a Lasten ndi munthu woti ukawakwiyira umatopa wekha. Ine Loice, mlongo wawo womaliza kubadwa, ndawakalipira zaka makumi anayi koma sindinawamvepo akukweza mawu. Amangokuyang'ana, n'kuvula magalasi, kupukuta, kuvalanso, basi nkhani yathera pomwepo. Ndiye tsiku lomwe anandiimbira foni ndili pa shifiti kunyumba yosamalira okalamba ku Thornton Heath, kuno ku London, n'kunena kuti, "Iwe Loice, kuntchito akuti ndine wakuba," ndinasiya thireyi ya tiyi pampando wa munthu n'kutuluka panja.

Tinabadwira papulazi ya maapozi ku Nyanga, ku Zimbabwe. Bambo athu anachoka ku Dedza ali mnyamata, n'kukalambira pansi pa mitengo ya eni ake. Mzungu wa pulaziyo ankakonda saida, mowa wa maapozi uja, ndipo wofinya zipatsozo m'shedi anali bambo. A Lasten atasiya sukulu analowa m'shedi momwemo, n'kukhalamo zaka makumi atatu. Amadziwa apozi logwa lokha ndi lothyola, amadziwa mgolo womwe walowa mpweya asanautsegule n'komwe. Koma chomwe anatengera kwa bambo kuposa zonse ndi mwambo wa kwathu: sumapatsa mlendo chikho usanamwepo wekha. Mwini chakumwa ndiye amayamba, kuti ngati muli choipa chiyambe ndi iyeyo. Kaya ndi mowa, kaya ndi thobwa, ndi momwemo.

Pulazi itatha mu 2002 anatsala manja m'khosi, ndiye ndinawaitanitsa kuno. Anafola pamzere wa mapepala okhalira m'dziko muno ku Croydon mpaka nsapato zinadziwa njira, koma mapepalawo anatuluka. Ntchito anaipeza papabu ina, malo omwera mowa, ku South Croydon, ya mkulu wina wachingerezi dzina lake Roy. Pansi pa pabuyo pali chipinda chozizira chosungiramo migolo, ndipo kumeneko ndiye kunali kwa achimwene: kugubuduza migolo, kutsuka mapaipi okwezera mowa kubala, kukolopa. Mgolo uliwonse watsopano wa saida ukafika, ankathira pang'ono m'katambula kawo, kununkhiza, kumeza kamodzi, kenako n'kulumikiza paipi. Roy atawapeza akuchita zimenezi anawafunsa, iwo n'kufotokoza. Mkuluyo anaseka mpaka kutsokomola, n'kuti apitirize. Pasanathe zaka ziwiri, anthu ankakwera tiramu, sitima ya m'tauni ija, kuchokera ku Wimbledon kudzamwa saida pamenepo, poti woipa sankafika kubala.

Kutchalitchi ankawanena, inde. Mkulu wa mpingo kugwira ntchito pamalo a mowa? Koma aliyense ankadziwa kuti a Lasten sanaledzerepo chibadwire, ndipo makiyi a holo yomwe timapempherera ankasunga ndi iwo. Munthu wofika kuno ndi sutikesi imodzi, wopanda munda, wopanda nyumba, chuma chake n'chiyani? Ndi dzina basi.

Mu 2007 Roy anagulitsa pabu kwa kampani ina n'kukapuma. Kampaniyo inabweretsa makamera ndi manijala wamkazi, Bessie, mtsikana woti ndingamubereke ine. Mu Okutobala anakonza sabata ya saida, n'kuitanitsa migolo isanu ndi itatu kuchokera kumadera osiyanasiyana. Achimwene anachita monga mwa masiku onse, mgolo ndi mgolo, katambula m'manja, kamera ikuwaona. M'mawa mwake Bessie sanawaitanire muofesi ayi. Anawapeza kukhitchini, pamaso pa ophika, otsuka mbale ndi ogulitsa kubala, n'kuwauza kuti ndi wakuba komanso womwa pantchito, apite kunyumba akadikire kalata. Mmodzi mwa otsuka mbalewo ndi mpongozi wa mayi wina wa kumpingo kwathu. Pofika Lamlungu anthu anali atayamba kale kundipatsa moni wa pamaliro.

Kalata inati mlandu ukambidwa Lachinayi masana, ndipo atha kubwera ndi munthu mmodzi. Ndinasinthana shifiti ndi mnzanga, ndinavala suti yanga ya buluu, ndipo m'basi yonse ndinkakonza mawu.

"Achimwene, lero mundisiye ndilankhule ine. Inu mukangoyamba kupukuta magalasi atidya osatafuna."

"Iwe ukakhale pansi," anatero. "Wabwera kudzamva."

Muofesi munali Bessie ndi bambo wina wochokera kulikulu la kampani, dzina lake Weston, wadazi, wooneka kuti nkhomaliro sanadye. Anatiwonetsa kanema wa kamera ija. Achimwene anavomera kuti ndi iwo, n'kufotokoza mwambo wa kwathu m'Chingerezi chawo cha papulazi, pang'onopang'ono. Bessie anapinda milomo, n'kuti zidakwa zonse zili ndi nkhani yokoma.

Apa ndiye ndinaphulika. Zomwe ndinanena sindizibwereza, poti zina si za mayi wa chigwirizano. Ndinamaliza ndi kuti ngati akuganiza kuti munthuyu amangomwa, amuyese. Achimwene anandiponda chala pansi pa tebulo, koma mawu anali atatuluka kale. Weston anakanda dazi lake, n'kuti palibe choletsa. Anatuluka ndi Bessie, n'kubwera ndi thireyi ya matambula asanu. Mayina a migolo Weston anawalemba papepala lomwe analipinda n'kuika m'thumba la malaya.

Kunena zoona, kwa ine saida yense ndi madzi a maapozi owola. Ndinadzifunsa kuti kodi pakamwa pangapa sipawaphetsa achimwene lero?

Iwo anapempha madzi akumwa ndi buledi wouma. Ananyamula tambula yoyamba, kuiyang'anitsa cha kuwindo, kununkhiza, kumeza pang'ono.

"Uyu si wa m'migolo isanu ndi itatu ija," anatero. "Ndi wa kufakitale, yemwe timagulitsa chaka chonse. Shuga, madzi ndi mpweya wochita kupopera. Apozi anangodutsapo pa njinga."

Weston anatulutsa pepala lija, kusuzumira, kulibweza.

Yachiwiri anakhala nayo kanthawi, ndipo ndinaona nkhope yawo ikufewa. "Wa ku Kent uyu. Amafinya maapozi odya, onga omwe tinkalima kwathu. N'chifukwa chake ndi woyera chonchi, wowawasa kutsogolo kwa lilime, ndipo ukameza sasiya kanthu kukhosi. Ndi saida wa munthu woyamba kumene."

Yachitatu inali yofiirira, yambuu ngati madzi a pachithaphwi. Fungo lake linandipeza ndili pampando wanga, la m'khola la ng'ombe lenileni. Ndinati uyu ndiye woonongeka. Achimwene anapukusa mutu.

"Ayi, ndi mmene amakhalira. Wa ku Somerset, wa maapozi ang'onoang'ono oti sungadye. Amaumitsa m'kamwa ngati masuku osapsa. Ameneyu ndiye mkulu wa onse pathireyipa, koma osamupatsa munthu wanjala."

Yachinayi anati ndi wa ku Herefordshire, ndipo anagona mumgolo wa thabwa womwe kale munali kachasu wa nzimbe, poti kutsekemera kwake kumabwera mochedwa, kumapeto. Apa Weston analeka kubweza pepala m'thumba. Analiyala patebulo, n'kuliphimba ndi dzanja.

Yachisanu anangonunkhiza, n'kumeza kadontho, n'kuikankhira kutali. Anatembenukira kwa Bessie.

"Mayi, mgolo uwu ndinaulemba mtanda ndi choko, n'kuuika kukona. Mwaulumikiza?"

Bessie anati anaulumikiza Lolemba, poti palibe chinalembedwa pa mapepala a kampani kuti ndi woipa.

"Unalowa mpweya panjira. Ukusanduka viniga. Lero ukumveka patali, Loweruka aliyense aumva. Mwagulitsa kwa anthu angati?"

Mtsikana uja anafiira mpaka m'makutu. Weston atamufunsa, anavomera kuti dzulo lake makasitomala atatu anabweza matambula, iye n'kumaganiza kuti ndi matama chabe. Weston analawa yekha, n'kukwinya nkhope, ngakhale ndikukayika ngati anamva kanthu. Kenako anachotsa dzanja papepala lija. Asanu onse anali momwemo, mpaka mgolo wa kachasu uja.

Abale, ndinatupa. Ndinakhala pampando paja ngati ndine ndafinya maapoziwo. Munthu yemwe anamuyesa wongokolopa, wa jekete la pa sitolo ya zovala zakale, kuwaphunzitsa eni dziko chakumwa chawo chomwe. Ndinayang'ana Bessie kuyambira kumutu mpaka kuphazi, ndipo sindinafulumire.

Weston anati nkhani ya kuba yatha, abwerere kuntchito Lolemba. Ine ndinali nditanyamula kale chikwama. Koma anawonjezera kuti lamulo la kampani ndi lamulo: wantchito salawa chakumwa ali pantchito, ngakhale kadontho. Kuyambira tsopano mgolo ukafika azingolumikiza, ukakhala woipa kasitomala adzanena yekha.

Achimwene anavula magalasi. Ndinadziwa kuti zaipa.

"Ndiye kuti woyamba kulawa akhale mlendo?"

Weston anati tinganene choncho.

"Zimenezo sindingathe, bwana. Pepani." Anatulutsa makiyi a chipinda chapansi n'kuwaika pambali pa thireyi. "Ntchito ndi yanu, tengani. Ine ndikupempha ziwiri. Mundilembere kalata yonena kuti sindinabe. Ndipo mayiwa anandinena kukhitchini, ndiye akakonzere kukhitchini komweko."

Ndinawalankhula m'Chichewa, mano ali pamodzi. "Achimwene, mwapenga? Zaka fifite-sikisi, mukaipeza kuti ina? Ingovomerani, muzikalawa mobisa kuseri kwa migolo komwe kamera siona."

"Ndikalawa mobisa ndiye kuti ndayamba kuba zenizeni," anatero, osandiyang'ana n'komwe.

Weston anayesa kuwanyengerera, kawiri. Atalephera anakhala pakompyuta n'kulemba kalata ija yekha, n'kusaina. Kenako tonse anayi tinatsikira kukhitchini. Bessie anayamba kulankhula makina otsukira mbale akulira, mawu ake osamveka. Achimwene anapita n'kukazimitsa makinawo, n'kubwerera pamalo pawo, manja kumbuyo. Mtsikanayo anayambiranso. Ananena kuti analakwitsa, a Lasten si wakuba ndipo si chidakwa. Mpongozi uja anali pomwepo ndi siponji m'manja, ndipo ndinaonetsetsa kuti wamva. Achimwene anathokoza, anagwira chanza aliyense, ndi Bessie yemwe, n'kumukumbutsa kuti achotse mgolo wa mtanda uja anthu a madzulo asanafike.

Masiku ano amatsuka mabasi kudepoti, ndipo sanadandaulepo. Koma tsiku lija ine sindinawaleke. Ndinawakalipira kuyambira pakhomo la pabu mpaka pa siteji, ndinawakalipira tikukwera tiramu, ndinawauza kuti ndi ouma mutu, kuti mwambo sudyedwa, kuti kuno si ku Nyanga. Iwo anali atangoika envelopu ya kalata ija pamaondo. Titadutsa East Croydon mpweya unandithera, ndipo m'pamene ndinawayang'ana. Anayesa kutsegula envelopu ija, inawakanika. Anandipatsa ine.

"Iwe Loice," anatero motsitsa, "tandiwerengera pamene alemba kuti sindinabe."

Tiramu inali yodzaza ndi ana asukulu ndi anthu oweruka kuntchito. Ndinaimirira, ndinagwira chitsulo ndi dzanja limodzi, ndipo ndinawerenga kalata yonse mokweza, kuyambira pa deti mpaka pa siginecha. Anthu anatembenuka kutiyang'ana. Achimwene sanandiletse.