Maluwa Ndinapha Ndekha, Mlandu Ndinasenzetsa Mayi Zuze

Inu owerenga, ine ndine mayi wa ana awiri, ndimakhala ku Bangula ndipo ndimagulitsa mpunga ndi nyemba pamsika. Ndikulemba izi chifukwa ndinalakwira munthu wamkulu amene ankangofuna kundithandiza, ndipo kufikira lero mtima wanga sunakhale m'malo. Chimene chinayambitsa zonsezi ena mukhoza kuchiseka, pakuti ndi maluwa chabe, maluwa odzala m'zitini.

Mayi anga ankakhala kwa Maseya, ndipo ankakonda maluwa kwabasi. Pakhonde pawo panali zitini zakale za penti, beseni lobooka ndi mphika wong'aluka, monsemo muli maluwa. Munali alovera, lina la masamba aatali osongoka ngati mpeni, lina lofiira lamawangamawanga, ndi lina loyanga limene linkakwera nsanamira. Ngakhale mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, pakhonde pawo pankakhala pobiriwira. Ine sindinkalabadira. Ndikapita kukawaona ndinkawaseka kuti akutaya madzi pa zinthu zosadyedwa.

Atamwalira, abale anagawana zovala, mbale ndi mbuzi, koma maluwa panalibe wowafuna. Tsiku lobwerera kwathu nditayang'ana pakhonde paja, ndinalira kuposa mmene ndinalirira kumanda. Ndinanyamula zitini zisanu ndi chimodzi n'kukwera nazo minibasi, kondakitala akung'ung'udza njira yonse kuti dothi likumudetsera mipando. Mumtima ndinalumbira kuti maluwa amenewa sadzafa ine ndili moyo.

Vuto linali loti sindinkadziwa chilichonse. Chibadwire ndinali ndisanasamalepo duwa, ndipo mayi anga sindinawafunsepo kuti ankatani. Choyamba, ndinachita manyazi ndi zitini zadzimbiri zija, makamaka poona kuti zinkadontha pansi. Ndinagula ndowa zatsopano zapulasitiki, zobiriwira, n'kukakumba dothi lakuda la makande kuseri kwa nyumba, poganiza kuti dothi lakuda ndiye lachonde. Ndinasamutsira maluwa onse m'menemo, n'kuwaika pabalaza kuti dzuwa lisawapse. Nyumba yathu ya lendi ndi yamalata, ndipo pochoka ndinkatseka mawindo onse poopa akuba. Madzi ndinkathira m'mawa ndi madzulo, a pa mjigo wathu, amene tonse timadziwa kuti ndi amchere ndipo sopo sachita nawo thovu.

M'nyumba yoyandikana ndi yathu munkakhala mayi Zuze, mayi wamasiye wachikulire amene anachokera tsidya la Mozambiki kalekale. Ankagulitsa milamba yowamba, ndipo polankhula ankasakaniza Chisena ndi Chimang'anja. Tinkagwirizana ndithu. Mwana wanga wamkulu, Chisomo, atadwala malungo ndili kumsika, ndi iwo anamuberekera kuchipatala. Ataona ndikusamutsa maluwa aja anaima pampanda n'kundiuza kuti ndowazo ndiboole pansi, ndipo dothilo ndisakanize ndi mchenga. Ndinayankha kuti ndamva, koma mumtima ndinati ndowa zatsopano ndiziboole chifukwa cha mawu a munthu wogulitsa nsomba? Ndinazisiya momwemo.

Patangotha masabata awiri, duwa lofiira lija linayamba kugwetsa masamba. Lina linachita chikasu kuyambira pansi. Ndinaganiza kuti ndi ludzu, poti kutentha kunali kosanena, ndiye ndinawonjezera madzi. Ndinayamba kusiya benchi langa kumsika masana, n'kukwera kabaza kudzathirira kachitatu. Ndikakhala pamsika maganizo anali kunyumba. Wogula akapempha nyemba ndinkamuyezera mpunga. Lero ndiwatulutse panja, mawa ndiwalowetse, mkuja ndiwaike pawindo. Ndinkawerenga masamba ngati munthu wowerenga nkhuku zake kukabwera chitopa. Mnzanga wina atandiuza kuti mwina ndi njala, ndinatapa fetereza wotsala wa kudimba n'kuthira dzanja lodzaza mu ndowa iliyonse. Patapita masiku atatu masamba anapserera m'mphepete ngati awauka ndi moto.

Amuna anga, amene amagwira ntchito kuminda ya nzimbe ndipo amabwera kumapeto a sabata, anandiuza kuti ndayamba kuwonda chifukwa cha udzu. Ndinawakalipira. Kwa ine sunali udzu. Tsamba lililonse likagwa ndinkamva ngati mayi anga akumwaliranso, ndipo ulendo uno m'manja mwanga.

Kenako pamwamba pa dothi panayamba kuoneka zoyera ngati ufa. Nditauza amayi anzanga pamsika, mmodzi anatsitsa mawu n'kunena kuti duwa silifa lokha likuthiriridwa katatu patsiku, pali munthu akuthirapo mankhwala. Anandifunsa kuti masana pakhomopo pamatsala ndani. Nkhope ya mayi Zuze inandibwerera. Inu owerenga, munthu ukatopa ndi kulephera umasangalala ukapeza wina woti umuloze chala. Ine ndinasangalala, ngakhale sindinadziuze choncho nthawi imeneyo.

Lachinayi lina ndinasiya maluwa pakhonde, n'kubwerera masana monga mwa chizolowezi. Ndinapeza mayi Zuze atagwada pakhonde langa, atapendeketsa ndowa ya alovera, m'manja muli msomali ndi mwala. Madzi akuda onunkha ankayenderera pasimenti. Sindinafunse kanthu. Ndinakuwa mpaka anthu a nyumba zina anatuluka. Ndinati ndawagwira, ndi iwo akhala akundiphera maluwa a malemu mayi anga. Iwo anadzuka pang'onopang'ono, atagwira bondo, nati, "Amake Chisomo, mizu ikumira. Ndimati ndiitsegulire njira." Ndinawalanda msomali uja n'kuuponya kutali, n'kuwauza kuti asadzapondenso pakhomo panga. Analowa m'nyumba mwawo.

Zikanathera pomwepo bwenzi zili bwino. Koma madzulo ake pa mjigo, pali amayi ambiri pamzere, ndinafotokoza nkhani ija ndikuwonjezera zanga. Ndinati ndinawapeza akukhomera msomali pakhomo panga, ndinatchula za ufa woyera uja, ndipo ndinamaliza ndi mawu amene ndimawamvabe m'makutu mwanga: munthu amene wayamba ndi maluwa, mawa adzafika pa ana. Liwu loti mfiti sindinalitchule, koma aliyense anamva chimene ndinkatanthauza.

Mawu aja anayenda kuposa mmene ndinkaganizira. Sabata isanathe, nkhani inali yoti mayi Zuze anapezeka akukwirira misomali pamakomo a anthu. Mwana wa nyumba ina atatsegula m'mimba, ena anati anadya mlamba wa kwa iwo. Anthu anasiya kuwagula nsomba. Ndinkawaona akuchokera kumsika ndi dengu lodzaza monga anapitira. Pa mjigo akafika, amayi ankasuntha zigubu zawo. Tsiku lina masanasana ndinamva miyala ikugwa padenga lawo, ndipo ine ndinangotseka chitseko changa. Mapeto ake eni nyumba anawapempha kuti asamuke, ati sakufuna kuti nyumba yawo idzatenthedwe. Anamanga katundu wawo panjinga ziwiri n'kupita kwa mwana wawo wamkazi ku Makhanga. Podutsa pakhomo panga sanayang'ane n'komwe.

Ndinkayembekeza kuti tsopano maluwa achira. Anapitiriza kufa, limodzi limodzi, mpaka asanu anangotsala timitengo. Lamoyo linali limodzi lokha, alovera uja, ndipo linali litayamba kutulutsa tsamba latsopano pakati. Ndikaliyang'ana ndinkakana kuganiza.

Mu Disembala kunabwera achimwene anga, amene anagwirapo ntchito yosamalira maluwa pa nyumba za mabwana a kuminda ya nzimbe. Nditawadandaulira, anatenga ndowa imodzi n'kuikhuthula pabwalo. Fungo lake linali ngati la m'chithaphwi. Dothi linali phala, mizu yakuda, yoti ukaigwira ikungosungunuka m'zala. Anandiuza kuti maluwawo anafa ndi madzi, chifukwa makande amasunga madzi ndipo ndowa inalibe potulukira. Zoyera zija anazinyambita pang'ono n'kunena kuti ndi mchere wa pa mjigo wosakanikirana ndi fetereza. Anandikumbutsa kuti mayi ankathirira ndi madzi a kumtsinje kapena a mvula, kawiri pa sabata basi, ndipo zitini zawo ankaziboola dala. Kenako ananyamula ndowa ya alovera, n'kuyang'ana pansi pake, n'kufunsa kuti anaboola iyi ndani, chifukwa ndiye yekha amene ankadziwa chimene akuchita.

Ndinakhala pansi pomwepo, padothi lonunkhalo. Ndinawauza zonse. Achimwene sanandikalipire. Anangondifunsa ngati ndikudziwa kuti kwina anthu okalamba amaphedwa chifukwa cha mawu ngati amenewo.

Kuyambira tsiku limenelo ndinasowa pokhala. Kutchalitchi ndinkalephera kuimba. Ndikaona mayi wachikulire atasenza dengu ndinkapatuka njira. Kangapo ndinakonzeka kuti ndipite ku Makhanga, n'kubwerera ndili pa siteji. Pamene ndinalimba mtima, mvula inali itagwa kale ndipo njira inali itaduka, moti ndinawoloka pa bwato, madzi ofiira akukokera pansi, ine nditagwira m'mphepete ndi manja onse awiri.

Ndinawapeza atakhala pamkeka kuseri kwa nyumba ya mwana wawo, akusola chimanga. Anali atawonda, ndipo malonda a nsomba anali atasiya chifukwa kumeneko analibe owadziwa. Mwana wawo atamva kuti ndine ndani anafuna kundithamangitsa, koma iwo anamuletsa. Ndinagwada n'kufotokoza zonse, za mizu yowola, za mchere, za bowo lija. Anamvetsera mpaka ndinamaliza, manja awo osasiya ntchito. Kenako anathokoza m'Chisena nati, "Takhuta kuti mwabwera. Koma izi mukundiuza kuno kuseri kwa nyumba, kumene akumva ndi nkhuku. Mukazinene pa mjigo, pamene munayambira."

Ndinachitadi zimenezo. Mawa lake m'mawa, mzere uli wautali, ndinaika chigubu pansi n'kunena mokweza kuti ndinawanamizira mayi Zuze, kuti maluwa ndinapha ndekha ndi umbuli wanga, ndipo msomali uja unali woboolera ndowa. Amayi awiri anagwetsa nkhope. Ena anaseka. Mmodzi ananena ine ndikumva kuti ndiye kuti gogoyo ndi woopsadi, waona mayiyu wamutembenuza mutu mpaka akumuikira kumbuyo. Apo m'pamene ndinazindikira kuti bodza langa linali litandipitirira, silinkandimveranso. Ndinapitanso kwa eni nyumba aja, koma anati analowetsamo kale anthu ena. Mayi Zuze sanabwererenso ku Bangula, ndipo ndimamva kuti miyendo ikuwavuta.

Inu owerenga, makamaka amene mwayamba kumene kusunga maluwa m'nyumba kuno kuchigwa, boolani pansi pa chotengera chanu, sakanizani dothi ndi mchenga, pisani chala m'dothi musanathire madzi, ndipo tungani a mvula ngati mjigo wanu uli wamchere. Izi n'zosavuta, mukhoza kuziphunzira tsiku limodzi ngati muli ofatsa pofunsa. Chimene ndikukupemphani kwambiri n'china. Chinthu chimene mumachikonda chikamafa m'manja mwanu, yambani mwafunsa ngati si manja anuwo akuchipha, musanayang'ane nyumba ya mnzanu. Ndipo mawu okhudza ufiti musawaponye pagulu ngakhale mwakwiya bwanji, ngakhale mongozungulira monga ndinachitira ine. Kuwalankhula kunanditengera nthawi yodzaza chigubu chimodzi. Chaka chatha tsopano ndikuyenda khomo ndi khomo kuwabweza, ndipo sindinafike ndi theka lomwe.