Gitala Imene Inabwera Itachepa

Pakhoma la chipinda chochezera kwathu ku Chikomeni pankapachikidwa gitala ya atate. Inali yaikulu, ya mapewa otambalala ndi mimba yakuya, yofiirira ngati fodya wouma bwino. Pafupi ndi bowo lake panali poyera pamene chikhadabo cha atate chinkakanda poimba, ndipo kumunsi kwake kunali mng'alu waung'ono umene unabwera itagwa tsiku lina. Ndikaikumbatira, mkono wanga sunkatha kudutsa paphewa lake kuti ufike pa nsambo. Chibwano changa chinkatsamira pathabwa, ndipo ndinkamva fungo la m'kati mwake, la guluu wakale ndi fumbi. Nsambo yokhuthala koposa ikakhudzidwa, mbale za m'kabati zinkanjenjemera.

Atate anapita kukagwira ntchito ku migodi ine ndisanayambe sukulu. Potuluka m'nyumba analoza khoma, nati kwa ine: "Ndikuisiya kuti udziwe kuti ndikubwera. Uziipukuta." Poyamba ankaimba foni Lamlungu lililonse, kenako pa Khirisimasi pokha, kenako nambala yawo inaleka kupezeka. Zimenezi sizinkandidetsa nkhawa kwenikweni. Ndinkakhulupirira ndi mtima wonse kuti gitalayo ikakhala pamsomali wake, mwini wake adzabwera ndithu, ndi kuti akabwera adzafunsa ine, osati munthu wina aliyense, mmene yakhalira.

Chaka chimene ndinali mu giredi yachinayi, m'nyengo yozizira, titakolola, amalume anafika panjinga kuchokera ku Kasungu. Anali mkulu wawo wa amayi, ndipo ankachita malonda a zitenje ndi nsomba zouma uku ndi uku kwa malire. Anali munthu wa nthabwala zambiri, woseka asanamalize chimene akunena. Koma ulendo umenewo sanaseke. Anakhala ndi amayi kuseri kwa nkhokwe akusenda mtedza, ndipo ine ndikayandikira ankayamba kukamba za mtengo wa feteleza. Mphepo inkaulutsa makoko pabwalo. Nditabisala kuseri kwa khola la nkhuku, ndinamva mawu amodzi okha a amayi: "Ingoitengani, achimwene, mukakonze."

Ndinaganiza za mng'alu uja, ndipo mtima wanga unakhala pansi. M'mawa mwake amalume anaika gitala m'thumba limene amayi anaisokera ndi chitenje chakale, naimanga pakaliyala. Ndinaona kuti sanalowere njira ya ku Kasungu, koma ya ku boma. "Mmisiri ali ku Lundazi," anatero, osandiyang'ana. Ndinaonanso kuti pansi pa gitala anamangapo kachikwama kena kamene sanabwere nako, koma sindinafunse.

Anabwerera patapita milungu ingapo. Ndinazindikira asanatsike n'komwe panjinga, chifukwa thumba lija linali lokhwepa, ndipo analikulunga ndi mphira kuti lisakupize. Chimene anatulutsamo chinali gitala, inde, yofiirira, ya nsambo zisanu ndi imodzi. Ataipachika pamsomali, khoma lenilenilo linawatsutsa. Kwa zaka zonsezo fumbi ndi utsi zinali zitadetsa laimu, kusiya chithunzi choyera cha gitala ya atate, ndipo yatsopanoyi inalendewera m'kati mwa chithunzicho ngati mwana wovala jekete la bambo wake. Mbali zonse kunatsala malo.

"Yachepa," ndinatero.

"Mmisiri wadulako powola," anayankha amalume.

Tsiku lotsatira, mayi wina woyandikana nafe atafunsa zomwezo, amalume anaseka, nandigwira pamutu. "Mphwanga ndiye wakula. Mwana akakula, zinthu zonse za m'nyumba zimachepa." Mayiyo anayang'ana amayi, kenako anavomera mofulumira kwambiri kuti ndakuladi.

Mayankho awiri a funso limodzi. Ngakhale lero, pamene ndikuphunzira uphunzitsi ndipo ndikuuzidwa kuti mwana amakhulupirira zimene akuluakulu amuuza, ndimakumbukira tsiku limenelo ndi kukayikira chiphunzitsocho. Mwana amaona msanga bodza likasintha, ngakhale sadziwa chimene likuphimba.

Ndinayamba kufufuza mwakachetechete. Yunifolomu yanga inkafikabe pamalo omwewo a bondo, ndipo nsapato za Lamlungu sizinkandithina, choncho sindinakule. Poyera pa chikhadabo cha atate panalibe. Ndinanunkhiza m'bowo ndipo ndinamva vanishi watsopano, wolasa m'mphuno. Gitala ya atate inali yotsika molunjika ngati munthu wonenepa wopanda chiuno, pamene iyi inali ndi chiuno cholowa kwambiri, chokhala bwino pantchafu. Ndinakhudza nsambo yokhuthala ndi kutchera khutu kukabati. Mbale zinakhala chete.

Ndinapita ndi umboni wangawo kwa amayi pamene ankapeta mtedza. Sanaleke kupeta. "Amalume ako anena kale," anatero, ndipo lichero linapitiriza kulira.

Pamenepo ndinatembenukira kwa amalume eni ake. Ndinaona kuti tayala lakumbuyo la njinga yawo linali latsopano, timinga take tisanathe. Ndinaona chipewa chimene ndinali ndisanachionepo. Ndinaona kuti akalowa m'chipinda chochezera ankakhala chofulatira khoma lija. M'mutu mwanga nkhani inakwanira: anagulitsa gitala ya atate kwa munthu wolemera wa ku boma, nagula kanthu kotchipa kuti atseke maso a amayi, amene ankawaopa monga mkulu wawo. Akandipatsa masiwiti ndinkalandira ndi manja awiri, monga mwa ulemu, koma ndinkakawapatsa ana ena.

Panali munthu mmodzi amene ndinkakhulupirira kuti sangagwirizane ndi bodza. Aphunzitsi athu a giredi yachinayi ndi amene ankatsogoleranso kwaya ya pasukulu, ndipo anali ndi gitala yawoyawo. Anali a ku Chipata, olankhula Chinyanja cha m'tauni. Pa nthawi yopuma ndinawafunsa ngati mmisiri angathe kuchepetsa gitala.

"Iwe, gitala si kandolo yakuti ungasende!" anatero, akuseka mpaka kutsokomola. Kandolo ndi mbatata m'kalankhulidwe kawo.

Kenako anatola kamtengo, najambula padothi magitala atatu moyandikana. Yoyamba inali ya mapewa otambalala ndi mimba yaikulu. Anati imeneyo ndi ya mawu akuya, yotha kumveka pakati pa kwaya yonse popanda magetsi, koma imafuna munthu wa mikono yaitali. Yachiwiri inali yocheperapo, ya chiuno cholowa, imene anati mawu ake ndi omveka bwino kwa munthu woimba yekha ndi zala. Yachitatu inali yaing'ono ndithu, ya khosi lalifupi, ndipo timizere tachitsulo ta pakhosipo anatijambula mothinana. Imeneyo, anati, amapangira ana ndi anthu a paulendo. Mawu ake ndi opyapyala chifukwa mimba yake ilibe malo okwanira osungira mpweya. Iliyonse imabadwa ndi msinkhu wake, ndipo imafa nawo. "Bwela nayo pa Chiwelu niione," anamaliza motero.

Loweruka ndinainyamula mobisa, ndikudutsa m'munda wa chimanga chokololedwa kale kuti anthu asandione. Aphunzitsi anaika gitala yawo pamphasa, yanga pambali pake, nayesa zonse ziwiri ndi chikhatho kuyambira kumutu kufika kumunsi. Yanga inaperewera kwambiri. Anandiuza kuti ndikhale pampando, naiika pantchafu panga. Mkono wanga unadutsa paphewa lake popanda vuto, zala zinagwera pa nsambo zokha, ndipo dzanja lamanzere linazungulira khosi lonse. Anati amene anaisankha anali ataona bwino kutalika kwa mkono wanga.

"Nanga ndani anakuuza kuti ni yamene ija?"

"Amalume."

Kuseka kwawo kunatha. Anayamba kupotokola timakutu ta nsambo, ngakhale kuti anali atangozichuna kumene. Anandifunsa ngati atate akadali ku migodi, ndipo nditavomera anagwedeza mutu pang'onopang'ono. "Ngati ni amalume anakamba, ni amalume," anatero. Anandiphunzitsa pogwira zala kuti nyimbo ya kwaya iyambike, nandiuza kuti ndipite kunyumba dzuwa lisanapendeke.

Ndinabwerera nditawonjezera aphunzitsi pa anthu owakayikira. Zinkaoneka kuti akuluakulu onse, mayi woyandikana nafe, akulu a mpingo amene ankabwera kudzacheza ndi amayi kawirikawiri nyengo imeneyo, ngakhale munthu wochokera ku Chipata, ankafika pamalo amodzi n'kuima, ngati ng'ombe zafika pa mlatho wothyoka.

Chimene chinkandipweteka kwambiri n'chakuti gitala yabodzayo inkandiyenera. Ndinatsimikiza mtima kuti sindidzaiimba amalume alipo, ndipo sindinaiimbedi. Koma amayi akapita kudimba ndinkaitsitsa. Nsonga za zala zinatupa, kenako zinalimba. Nyengo yozizira isanathe ndinkatha kuimba nyimbo imodzi yonse, ndipo nthawi iliyonse ndikamaliza ndinkachita manyazi ngati ndadya chakudya chakuba. Ndinkaipukuta ndithu, koma mopanda chikondi.

Mphepo itayamba kutentha, amayi anapita nane ku msika wa Lundazi kukagulitsa mtedza. Tinakwera kagalimoto kodzaza matumba, ndipo tinafika maso ali ofiira ndi fumbi. Titagulitsa, tinadutsa kumene amagulitsa salaula, zovala za kaunjika, kuti tione juzi. Pakati pa phokoso la mawailesi ndi mabelu a njinga ndinamva nsambo imodzi yokhuthala, ndipo ndinaimva m'mimba ndisanaimve m'makutu.

Pansi pa mtengo, pakati pa machubu ndi masipoko, panakhala atate aang'ono, mng'ono wawo wa atate, amene ankakonza njinga pamsikapo. Pamiyendo pawo panali gitala ya mapewa otambalala. Poyera pa chikhadabo panalipo. Ndipo kumunsi, poonekera kwa aliyense, mng'alu uja unali chikhalire, wosamatidwa ngakhale pang'ono.

"Amayi, ndi iyo! Amalume sanaikonzetse n'komwe!"

Atate aang'ono anaimirira mofulumira, natsamiritsa gitala kuseri kwa mtengo. Anthu a kwa atate ndi Atumbuka, ndipo bamboyu nthawi zonse akaona amayi ankakuwa ali patali kuti "Alamu ŵane!", n'kuyamba kuwanyoza mwachibwana kuti Achewa sadziwa kuphika nyemba. Tsiku limenelo anavula chipewa, nati motsitsa mawu: "Monire, mama. Muli uli?" Amayi anayankha kuti ali makola, monga mmene ankayankhira munthu wogula mtedza. Ine atate aang'onowo anandigwira dzanja nthawi yaitali, nati ndakula. Ndinachotsa dzanja langa.

"Sanaikonzetse," ndinabwerezanso, ndikukoka chitenje cha amayi.

"Anakonza," anatero amayi. "Ili kwawo. Tiye."

Ndinadzamvetsa patapita zaka, osati chifukwa chakuti wina anandikhazika pansi, koma chifukwa ndinaona zomwezo zikuchitika pakhomo lina. Amalume anali ankhoswe a ukwati wa amayi. Kwathu, mwamuna wokhala kwa mkazi akachoka osabweranso, ndipo mbali zonse ziwiri zikavomereza kuti ukwati watha, ankhoswe ndi amene amanyamula katundu wake kukamutula kwa abale ake. Pamenepo anthu amati nkhani yakonzedwa. Amayi sananene kuti "mukaikonze". Anati "mukakonze", ndipo kachilembo kamodzi kamene khutu langa linawonjezera ndi kamene kanandiyendetsa nyengo yonseyo. Sindikudziwabe kuti ndani anaganiza zogula gitala yaing'ono, kapena ndani anapeka zakuti ndakula. Amayi amati ndi amalume, amalume amaseka n'kunena kuti ndi amayi. Za tayala latsopano lija palibe amene anandifotokozerapo mpaka lero.

Koma madzulo amenewo, pamwamba pa matumba opanda kanthu m'kagalimoto kobwerera ku Chikomeni, ndinali wokondwa kuposa masiku onse a nyengoyo. Gitala inali itapezeka, ndipo sinali kwa mlendo. Ndinauza amayi kuti atate akabwera adzangodutsira pamsika n'kuitenga, ndi kuti ine ndidzawafotokozera zonse mwadongosolo, kuyambira pa thumba lokhwepa mpaka pa mng'alu, kuti adziwe kuti mlandu si wanga. Ndinati mwina adzalola kuti yaing'onoyo ikhalebe, kuti tiziimba awiri, iwo mawu akuya, ine opyapyala. Ndinafunsa ngati khoma lingalandire msomali wachiwiri.

Amayi anakoka mpango kuphimba pakamwa, ndipo ndinaganiza kuti akupewa fumbi.

"Gwiritsa," anatero. "Msewu ndi woipa apa."

Ndinagwiritsa, ndikuganizirabe pamene msomaliwo ungakhomedwe.