Panchi Amene Azakhali Adakana Kumwa

Ndidali ndi zaka khumi ndi ziwiri chaka chimene ndidalephera kugulitsa chinthu chaulere. Amene amandidziwa pamsika waukulu wa ku Old Town, pomwe ndimagulitsa nsapato za kaunjika, sangakhulupirire. Ine ndi uja ndimamugulitsa munthu nsapato yomuthina, iye n'kuchoka akuthokoza kuti imasuka ikazolowera phazi. Koma pakamwa pangapa padagwapo chagada tsiku lina la Khirisimasi, kuseri kwa mpanda wina ku Area 10.

Amayi ankaphika m'nyumba ya azungu ena ogwira ntchito kwa kazembe. Ife tinkakhala kuseri, m'kanyumba ka antchito kaja amati boyizikota, pafupi ndi mtengo wa mapeyala womwe zipatso zake tinkaloledwa kutola koma osati kuthyola. Bambo adali mlonda ku City Centre, ndipo adali atamwalira chaka cham'mbuyo mwake. Mimba idatupa, maso adachita chikasu, kuchipatala sadakhalitseko. Adokotala adati n'chiwindi. Kumudzi kwawo, cha ku Nathenje, adati chiwindi sichitupa chokha.

Amene adayambitsa mawuwo ndi azakhali, a Nambewe, mlongo wawo wa bambo. Atabwera kudzazonda matenda adaona pawindo timabotolo ta ufa wofiira, wachikasu ndi wakuda, zokometsera ndiwo zimene adona ankawapatsa amayi zikatsala pang'ono kutha. Azakhali adanunkhiza kamodzi, n'kuyetsemula. Za timabotoloto adakanenera pamaliro. Palibe amene adawaloza chala amayi pamaso, koma mbale iliyonse imene iwo adapakula pamaliropo idabwerera momwe idapitira.

Tsono kudamveka kuti abale akumanga chiliza cha bambo, ndipo mwambo wake udzachitika mvula ikadzatha. Ife sadatiuze, amayi adachita kumva kwa mayi wina wa kumudziko wogulitsa tomato mumsika. Masiku amenewo amayi ankasita zovala za bwana maso ali kwina, mpaka adawotcha kolala ya malaya. Chimene ankafuna chidali chimodzi, kukaima pamanda a mwamuna wawo tsiku limenelo ngati mkazi wake. Adatumiza uthenga wopempha azakhali, bambo aang'ono a Lameki ndi akazi awo kuti adzadye nafe Khirisimasi, nkhani ikambidwe. Azungu ankapita kwawo kutchuthi, ndipo adona adaloleza. Chodabwitsa n'chakuti azakhali adavomera.

Asananyamuke, azunguwo adaitana anzawo kuphwando, ndipo m'pamene ndidaonera chakumwa chija amati panchi. Adapanga ndi amayi. Adafinyira mandimu m'mbale yaikulu yagalasi, adaduladula chinanazi, adakokoteramo magalagadeya, n'kuponyamo madzi oundana. Alendo atakhala pansi, adona adatsekula mabotolo a soda n'kutsanulira pamwamba. Mbale yonse idachita kuwira, thovu likuthetheka ngati kamvula koyamba padenga la malata. Ine sindidatengeke ndi kukongola kwake. Chimene ndidaona n'chakuti mabotolo owerengeka amwetsa khamu lonse, aliyense n'kubwereza. Ndidati mumtima, azungu awa ndi mavenda ndithu, tangosiyana malaya.

Apo n'kuti ndikudziyesa katswiri wa msika. Amayi ankandituma ine kukagula zinthu chifukwa ndinkadziwa kunenerera: kugwira katundu, kumunyoza pang'ono, kuyamba kuchoka pang'onopang'ono khutu lili kumbuyo. Ndinkaganiza kuti palibe chinthu padziko chimene sichitsika mtengo ukachilankhulira bwino.

Kutatsala tsiku limodzi kuti Khirisimasi ikwane, amayi adabwera ndi mpunga, nkhuku yamoyo ndi mabotolo a zoziziritsa kukhosi. Ndidaona kuti mabotolowo ngokwanira alendo okha.

"Nanga athu?" ndidafunsa.

"Ife tidzamwa madzi. Usawakhudze, Yamikani. Adzatsekule okha."

Ndidangomva za madzizo, zinazo zidadutsa. Zidandiwawa kuti amayi, omwe ankapangira azungu chakumwa chowira, adzamwe madzi a pampope pa Khirisimasi, pamaso pa anthu owanena. Atandituma anyezi ndi tomato madzulo ake, ndidanenerera mpaka mayi wogulitsa adati ndidzamusaukitsa ndisanamere ndevu. Ndi zimene zidatsala ndidagula chinanazi chophwanyika mbali imodzi ndi mango olobodoka, ndipo magalagadeya ofota ndidachita kuwapempha ngati banyira. Zonsezi ndidabisa kuseri kwa thumba la makala.

M'mawa mwake amayi adapita kudepoti kukachingamira alendo, poti ku Area 10 mipanda yonse njofanana, mlendo amazungulira mpaka kuthodwa. Nkhuku adaisiya yomangirira pansi pa mtengo wa mapeyala, mpunga uli m'lichero wosaphika. Ndidaganiza kuti achedwa chabe. Sindidadzifunse chifukwa chimene amayi, omwe pantchito sankachedwetsa tiyi, adasiyira zonse zosaphika tsiku la alendo.

Mbale yagalasi tidalibe. Ndidatenga beseni lotsukiramo mbale, n'kulikwecha ndi phulusa mpaka lidang'anima. Ndidaduladula zipatso, makoko ndi zotsalira ndikuponya m'kamwa. Madzi oundana ndidakatenga m'firiji ya adona, poti ndinkadziwa pomwe amayi ankasunga makiyi. Kenaka ndidatsekula mabotolo aja pa loko wa chitseko, limodzilimodzi, lofiirira, lakuda, loyera, n'kukhuthulira momwemo. Mtundu udatuluka wa mtsinje wa Lilongwe mvula ikagwa kumtunda. Ndidaonjezera madzi kuti zichuluke, nditalawa ndidapeza zasukuluka, ndidathira shuga. Zidawira ndithu, ndipo ndidaima pambali manja m'chiuno ngati ndamanga nyumba.

Chimene ndidaiwala n'chakuti adona ankathira soda alendo atakhala kale pansi. Pa Khirisimasi maminibasi amasowa. Dzuwa lidakwera, madzi oundana adasungunuka, thovu lidafa, zipatso zidangoti yandayanda. Ndidavindikira beseni ndi nsalu kuopa ntchentche.

Adafika masana, thukuta lili kamukamu. Bambo aang'ono tidawapatsa mpando, azakhali ndi akazi a bambo aang'ono adakhala pamphasa. Amayi adagwada n'kupereka moni kwa aliyense, mawu ali pansi. Adaloza nkhuku ija.

"Alamu, nayo nkhuku yanu. A Lameki aiphe okha, ndipo tiphikire limodzi pompano. Koma poyamba mutsitse kaye fumbi. Yamikani, bweretsa zakumwa."

Ndidalowa m'nyumba, n'kutuluka nditanyamula beseni, makapu ndi chipande. Ndidaliika pakati, ndidagwada, n'kuvundukula nsalu monga ndimachitira lero ndikamatsekula belo latsopano la kaunjika. Nkhope ya amayi sindidzaiiwala. Sadakwiye. Adangooneka ngati munthu amene watula katundu wolemera pamalo olakwika.

"Chimenechi n'chiyani?" adafunsa azakhali.

"Panchi, azakhali. Chakumwa cha azungu."

"Mabotolo ali kuti?"

"Ali momwemu onse."

"Watsekula ndani?"

"Ine."

"Wakutuma ndani?"

Bambo aang'ono, omwe adali atatambasula kale dzanja kuti alandire kapu, adalibweza n'kukanda nalo bondo. Amayi adatenga chipande, adatunga, n'kumwa iwo poyamba monga mwa mwambo wake, kuti alendo aone kuti mulibe choipa.

"Ndi mwana, alamu. Waonera kunyumba yaikuluyi. Onani, ndamwa."

"Mwini mphika amadziwa potunga," adatero azakhali, maso ali kumpanda.

Apa m'pamene uvenda wanga udadzuka. Ndidaona ngati ndi kasitomala wovuta chabe, wofuna kumulankhula bwino. Ndidayamba kutchula zonse zimene zidalimo, chinanazi cha lero lomwe, mango okoma ngati uchi, zimene amamwa akazembe enieni. Ndidatunga kapu n'kumwa. Ndidatunganso cha m'mbali, kenaka cha pansi, ndikuvundula kuti aone kuti sindikusankha potunga.

"Onani, azakhali, sindikufa. Lawani pang'ono chabe, mukapanda kukonda musamwe."

"Yamikani, basi," adatero amayi.

Sindidamve. Ndinkaganiza kuti kapu inanso imodzi ndiyo iwagonjetse. Chikhalirecho m'mimba mudalibe kanthu koma makoko a mango, ndipo chakumwacho chidali chofunda, chotsekemera mpaka kuwawa pakhosi. Mimba idauma ngati ng'oma. Ndidamva mutu ukuzungulira, ndidayesa kuimirira, ndipo zonse zidabwerera pomwepo, pafupi ndi mapazi a azakhali.

Kenaka azakhali adalankhula motsitsa.

"Alongo anga adayamba chonchi."

Mawu amenewo ndimawamvabe. Adandikoka n'kundichotsa m'manja mwa amayi, adandigoneka pamiyendo pawo, adandisisita pamimba, adanditsekula zikope kuti aone ngati maso achita chikasu. Ndidadabwa, poti ndinkayesa kuti azakhali ndi munthu wankhanza chabe. Sindinkadziwa kuti ankaopadi. Atatero adakoka beseni lija, adatunga pang'ono, adanunkhiza, n'kuika m'kamwa. Adasunga m'kamwamo kanthawi, akufunafuna ndi lilime chimene adakhulupirira kuti chilimo. Kenaka adameza.

"Shuga," adatero. "Shuga yekhayekha. Mwana wopusa iwe."

Bambo aang'ono adaseka pang'ono, n'kusiya msanga ataona kuti akuseka okha. Ine ndidaganiza kuti basi tapambana, poti amwa. Koma azakhali adayang'ana kumwamba n'kunena kuti mvula ikubwera, minibasi zikusowa, ndi bwino adzipita kudakali kowala. Nkhuku sidaphedwe. Amayi adaimasula n'kuwapatsa kuti akadyere kumudzi, ndipo adailandira. Za chiliza palibe adatchula.

Ndinkadikira ndodo, koma sidabwere. Amayi atabwerako koperekeza adakhuthulira panchi yense pansi pa mtengo wa mapeyala, adatsuka beseni, n'kukhala pakhonde. Mpunga udali m'lichero momwe muja.

"Ndidakuuza kuti adzatsekule okha," adatero. "Pakamwa panga anthu aja adasiya kupamva. Botolo lotseka ndilo likadandilankhulira."

Mvula itatha udabwera uthenga woti mwana apite kuchiliza. Za amayi uthengawo sudanene kanthu, ndipo iwo adamva tanthauzo lake. Adagula kireti ya zakumwa, adaikweza nane m'minibasi, n'kundiuza kuti ndikaipereke momwe iliri. Kumandako kudali nyimbo, mapemphero, ndi dzina la bambo lolembedwa ndi utoto wakuda pa simenti. Pambuyo pake anthu adamwa zakumwa zija mpaka kireti idatha. Azakhali adatenga botolo lawo, adalitembenuza kuyang'ana chitsekerero, adatsekula, adamvetsera kukhosomola kwake, n'kumwa. Pondiperekeza kusiteji adati, "Ukawauze amayi ako kuti zafika."

Nditabwerera, amayi adandiuza kuti ndibwereze mawu amenewo, ndipo ndidabwereza. Adafunsanso kuti dzina la bambo lalembedwa bwanji, ndipo ndidawalembera ndi chala pafumbi. Iwo adakaona chilizacho patapita zaka, azakhali atamwalira, utoto uja utayamba kusuluka.

Sindidziwa ngati mabotolo otseka akadasintha mtima wa azakhali tsiku lija. Mwina akadamwa, akadadya nkhuku, n'kukanabe. Amayi sadandinenepo za tsikulo mpaka adatisiya, ndipo mwina n'chifukwa chake limandibwererabe chaka chilichonse ndikangomva fungo la chinanazi pamsika. Chimene ndidamvetsa mochedwa n'chakuti amayi adali atakonza zonse, nkhuku yamoyo, mpunga wosaphika, mabotolo osatsekula, kuti pasakhale chinthu chimene alendo akadayenera kungokhulupirira. Ine ndidabwera ndi chokhacho chofuna kukhulupirira, ndikuchiyamikira ngati pamsika. Munthu wofuna kutsitsa mtengo ndimamudziwa, amachoka khutu lili kumbuyo. Munthu wamantha ukamamuyamikira katundu m'pamene amabweza dzanja.

Masiku ano akazi anga amapanga panchi pa Khirisimasi, ana amamukonda, ndipo mbale yagalasi tidagula, nditanenerera ndithu. Koma timasakaniza patebulo alendo akuona, soda pomalizira. Pambali pa mbaleyo ndimaikapo mabotolo angapo osatsekula. Ana amandiseka kuti adadi ndi achikale. Mlendo akaloza botolo, sindimufunsa chifukwa, ndipo kamodzi pa chaka pakamwa pangapa pamapuma. Ndimangomupatsa chotsekulira.