Chithunzithunzi Chochedwa

Fungo la fumbi likamatentha kumbuyo kwa TV yakale limandibwezera ku Clermont, kudziko la eni, m'kachipinda komwe tinkachita lendi kuseri kwa nyumba ya a MaZondi, mayi wamasiye wachizulu. Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi. Inali nyengo yozizira, nthawi yowotcha nzimbe m'minda yakutali, ndipo phulusa lakuda linkagwa mwakachetechete pabwalo, pa zovala zoyanika, ngakhale m'madzi a m'ndowa. Chaka chimenecho amayi anatiletsa kupita kusukulu, ine ndi mlongo wanga wamng'ono Yamikani. Sanatiuze chifukwa chake. Ankalawirira ku Overport komwe ankagwira ntchito ya m'nyumba, atatiuza kuti tikhome chitseko, tisatsegule katani, ndipo wina akagogoda tisayankhe m'Chichewa.

TV ija sinali yathu. Inali ya a Lingson, bambo wa ku Machinga amene ankakhala chipinda choyandikana ndi chathu ndipo ankasenza katundu pafakitale ina ku Mobeni. Anali munthu wowonda, wonunkhira sopo wobiriwira, ndipo akamaseka ankagwedeza mapewa okha osatulutsa mawu. Tsiku lina anaibweretsa ataikumbatira ngati khanda, pamodzi ndi makina a DVD ndi chimbale chimodzi chopanda chikuto.

"Anawa asamangoyang'ana khoma," anawauza amayi. "Mundisungireko kaye."

Pachimbalepo panali filimu ya zamumlengalenga. Chizungu chake chinkathamanga, moti ndinkangotolamo pang'onopang'ono, koma nkhani ndinkaimva. M'katauni kena ka m'mbali mwa nyanja munagwa chombo chochokera ku nyenyezi, ndipo zolengedwa za m'chombomo zinasanduka anthu n'kuyamba kukhala pakati pawo. Zinkadya ngati anthu, zinkapereka moni ngati anthu. Chozizindikirira chinali chimodzi: cholengedwa chikasuntha, chithunzithunzi chake chinkachedwa pang'ono kuchitsatira. Ndiye amuna a m'taunimo ankayenda khomo ndi khomo, kutulutsa anthu n'kuwaimika padzuwa. Atafika pa mayi wina wa diresi yachikasu, gulu lonse linkafuula likuloza pansi. Pomwepo chimbale chinkakakamira, chifukwa chinali chokandika. Nkhope ya mayiyo inkaima, kukamwa kuli yasa, makina akulira chapansipansi ngati njuchi yotsekeredwa m'botolo. Tinkazimitsa n'kuyambanso pachiyambi, tsiku lonse, mumdima wa masana, titafunda bulangete limodzi lonunkha parafini.

Posakhalitsa ndinayamba kuona zithunzithunzi paliponse. Pansi pa chitseko panali mpata womwe unkalowetsa kamzere ka dzuwa, ndipo ndinkagona chafufumimba pasimenti yozizira kuyang'ana mapazi a odutsa. Ndinkamuimika Yamikani pakamzereko n'kumuuza kuti agwedeze phazi. Amayi akabwera madzulo, ndinkayamba ndayang'ana pansi ndisanawayang'ane kumaso. Kunja zinthu zinali zitasinthadi. Mayi wa ku Mozambique wogulitsa mapeyala pakona anasowa, tebulo lake litagwa chagada. Wometa tsitsi wa pafupi ndi mataxi anasowanso. Ine ndinkadziwa chomwe chikuchitika: zolengedwa zija zinali zitafika ku Clermont.

Masana ena tinamva phokoso likukwera mumsewu, nyimbo ndi zitsulo zikukhulana ndi phula. Geti la a MaZondi linalira. Kamzere ka dzuwa kaja kanadukaduka, mapazi ambiri ataima pakhomo pathu. Ndinamutseka pakamwa Yamikani, ndipo ndinkamva mpweya wake wotentha m'dzanja langa. Pa TV mayi wa diresi yachikasu anali ataima kale, kukamwa kuli yasa.

Wina anamenya chitseko ndi chinthu cholimba n'kufunsa m'Chizulu kuti muli ndani. Ndinayankha m'Chizulu cha kusukulu kuti ndife ana, tikuonera TV. Mawu anga ndinawamva ngati a munthu wina. Kenako a MaZondi anatulukira akukalipa kuti amenewo ndi adzukulu awo, ndipo aliyense wokhudza chitsekocho ayambe wamenya iwowo. Mapazi anasuntha kupita kuchipinda cha a Lingson. Tinamva chitseko chikuthyoka, mbale zikugwa, kenako phokoso lija likutsika nawo msewu. Koma pakhomo pathu panatsala chithunzithunzi chimodzi. Sichinagogode, sichinalankhule. Chinangoima nthawi yaitali, mpaka mwendo wanga unachita dzanzi, kenako chinachoka popanda ine kumva phazi.

Mawa lake ndinasuzumira m'chipinda cha a Lingson. Nsapato zawo zakuntchito zinali pafupi ndi bedi, phulusa la nzimbe litalowa mpaka pamtsamiro. Sanabwererenso. Ndinalira pang'ono, koma mumtima ndinkadzifunsa funso lomwe sindinauze aliyense: kodi chithunzithunzi cha a Lingson ndinachiyang'anitsitsapo?

Chaka chatha ndinaipeza filimu ija pa intaneti, nditaisaka pofotokoza zomwe ndinkakumbukira. Tsopano ndimasoka zovala ku Overport, ndipo ndinaionera Lamulungu masana ndi mwana wanga Chisomo, amene ali ndi zaka khumi. Eish, manyazi ake. Chombo chija chinkaoneka ngati chivundikiro cha poto chomangidwa paulusi. Zolengedwa zitavula khungu la anthu kumapeto, anali amuna ovala mphira, wina zipi ikuonekera kumsana. Chisomo anaseka mpaka kugwa pampando.

"Amayi, zimenezi ndi zomwe munkaopa?"

Ndinasekanso naye. Koma filimu itatha ndinabwerera pa mayi wa diresi yachikasu, ndinaimitsa n'kubweza. Ndinabwezanso. Mayiyo akusuntha, chithunzithunzi chake chikusuntha naye limodzi, ngati cha munthu wina aliyense. Mufilimu yonseyo mulibe chithunzithunzi ngakhale chimodzi chochedwa. Opanga filimuyo mwina analibe luso lake, kapena sankafuna. Amuna aja amangoloza pansi n'kufuula, basi. Komatu ine ndikanalumbira kuti ndinachiona chikutsalira m'mbuyo, tsiku ndi tsiku, nyengo yonse ija.

Ndinawaimbira amayi, omwe anabwerera kwathu ku Mulanje, n'kuwafunsa za a Lingson. Anati anamva kuti anthu anawaona pabwalo lina pomwe panathawira alendo ambiri ochokera m'maiko ena, ali opanda nsapato, akudikira basi yakumudzi. Ngati anakwera, iwo sakudziwa. Ndinafunsanso za munthu amene anatsala pakhomo pathu uja.

"Anali a MaZondi," anatero amayi. "Anaima pamenepo atagwira chikwanje kumbuyo mpaka msewu unati zii."

Chisomo akuti filimuyo ndi yachibwana, ndipo sakunama. Ndili mwana ndinkaionera ndili kumbali ya amuna oyenda khomo ndi khomo aja, ndikuwafunira kuti azigwire zonse zisanatifike. Sizinandibwerere n'komwe m'mutu kuti pabwalo la a MaZondi, oyenera kutulutsidwa padzuwa tinali ife. Amayi ankadziwa, a Lingson ankadziwa, ndipo anatisiya kuti tiziopa za pa TV.