Mpiru wa m'Zitini

Ansembe athu atandipempha kuti ndilembe za moyo wa apongozi anga m'kalata ya parishi ino, ndinawafunsa ngati anamvapo mkazi akuyamikira amayi a mwamuna wake pagulu. Anaseka, nati woyamba ndikhale ine. Ambiri a inu munkawadziwa ndi dzina loti Amayi a Zitini. Ine ndinakhala nawo nyumba imodzi zaka makumi atatu ndi chimodzi, ndipo ndinkangoti amayi.

Anabadwira kumudzi, oyamba m'banja la ana asanu ndi awiri. Amayi awo ankadwaladwala, choncho asanakwanitse zaka khumi anali atayamba kale kuphikira banja lonse. Sukulu anangolawako zaka ziwiri. Bambo awo anali ocheka matabwa, ndipo popita kunkhalango ankawatenga kuti aziwanyamulira madzi akumwa. Kumeneko ndi kumene anaidziwira mitengo: umene umadyedwa, umene umapha, umene umabereka ngakhale mvula ikane. Anabatizidwa ali ndi zaka khumi ndi zitatu, ataphunzira katekisimu chaka chathunthu mng'ono wawo ali kumsana.

Anakwatiwa ndi mnyamata wokonza mawotchi n'kusamukira naye m'tauni, m'nyumba imene bwalo lake mukayalapo mphasa zitatu ndiye kuti latha. Anabereka ana anayi. Wamkazi, yemwe anali mmodzi yekha, anamwalira ndi chikuku ali ndi zaka zinayi, ndipo pasanapite nthawi yaitali amuna awo nawonso anatsikira kulichete. Amayi sanabwerere kumudzi. Analera anyamata awo atatu ndi ntchito yochapa zovala m'makomo mwa anthu, ndipo Loweruka lililonse ankachapa ndi kusita nsalu za paguwa. Za mwana wawo wamkazi sankakamba. Koma tsiku limene ndinafika pakhomopo monga mkazi wa mwana wawo womaliza, anandigwira dzanja n'kunena kuti, "Mwana wina wamkazi ndinamupempha kwa Mulungu kalekale. Wachedwa, koma lowa."

Dzina la zitini linabwera chaka chija mvula inagwa milungu itatu n'kuleka. Amene analipo akukumbukira. Kumsika mulu wa masamba unkakwana m'dzanja limodzi, madzi pampopi ankatuluka kawiri pamlungu, ndipo mwamuna wanga, kalipentala, ankatha mwezi osakhoma ngakhale mpando umodzi. Tinali ndi ana atatu, ine ndili woyembekezera wachinayi.

Amayi, pamenepo ali ndi zaka makumi asanu ndi limodzi, anayamba kutolera zitini za penti, mabeseni obooka, matumba a simenti, mpaka jombo imodzi yopanda inzake. Ankadzazamo dothi losakaniza ndi zitosi za nkhuku ndi phulusa, n'kubzalamo mpiru, bonongwe, nyemba ndi maungu. Madzi osambira, otsukira mbale, otsukuluzira zovala, onse ankathera m'zitinimo. Mwamuna wanga anadandaula kuti pakhomo pasanduka dzala.

"Dzala lakoli udzalidya ndi mchere," anamuyankha motero. Patatha mwezi analidyadi, n'kupempha kuwonjezera.

Lachiwiri ndi Lachisanu, ikatha Misa ya m'mawa, ankanyamuka dengu lili pamutu, korona ili m'manja, kupita kuphiri la kuseri kwa nyumba zomalizira, ulendo wa maola awiri. Ankabwerako ndi masuku, mateme kapena bwemba, malingana ndi mwezi wake. Amayi a mumsewu wathu poyamba ankaseka, amvekere zimenezo n'zakudya za anyani. Njala itathina anayamba kuwatsatira mmodzimmodzi, mpaka gulu linafika anthu khumi ndi awiri. Amayi ankawasonyeza chipatso chilichonse, chodyedwa ndi chakupha, koma anali ndi lamulo lawo. "Musathyole nthambi, mtengo sunakulakwireni. Ndipo musamalize zonse. Kumbuyoku kukubwera wanjala kuposa inu."

Kenako masamba athu anayamba kusowa, makamaka Lamulungu tonse tili kutchalitchi. Lamulungu lina ndinanamizira mutu n'kutsala, ndikusuzumira pazenera. Amene analowa pakhomo anali mayi a nyumba yoyang'anana nafe, akazi a aphunzitsi opuma, mmodzi wa amayi aja ankaseka kwambiri za anyani. Amuna awo anali atafa ziwalo mbali imodzi, ana awo ali kutali. Anathyola masamba mofulumira n'kuwabisa m'chitenje.

Amayi atabwera ndinawafotokozera mtima uli m'mwamba. Ndinkafuna tikawachititse manyazi msewu wonse ukuona.

"Anazula, kapena anangothyola?" anandifunsa.

"Anangothyola a m'munsi."

"Ndiye kuti ulimi amaudziwa amenewo. Kabwereke wilibala."

Mmawa mwake tinawolotsa msewu zitini zisanu ndi chimodzi, zobiriwira kuposa zonse. Ine ndinkakankha wilibalayo nkhope ili gwaa. Amayi anaodira pakhomo n'kunena kuti, "Anzanga, kwathu malo atha, ndipo kwanu kuno dzuwa limafika bwino. Mundisungireko izi. Masamba akakula muzithyola ndithu, mukawasiya mpiru umachita maluwa." Mayiwo anagwira chitseko, misozi ili chuchuchu. Nkhaniyo amayi sanaitchulenso mpaka kumwalira kwawo. Ndailemba pano chifukwa eni akewo, amene lero ndi okalamba, anandiitana n'kundiuza kuti ndikaisiya ndiye kuti sindinalembe kanthu.

Chimene sindinkadziwa n'chakuti amayi enieniwo sankadya. Tikakhala pa chakudya ankakankhira mbale yawo kwa ine, amvekere, "Ndadya kale kuphiri, idya ndi mnzako wa m'mimbayo." Ndinkakhulupirira. Lachisanu lina anakomoka pobwerera, ndipo anzawo anabwera nawo atawakweza panjinga ya munthu wogulitsa makala. Mmodzi wa amayi a m'gululo anandikokera pambali n'kundiuza kuti miyezi yonseyo sanaonepo apongozi anga akuika chipatso pakamwa. Kuchipatala anati matenda palibe, koma njala.

Atatsitsimuka ndinawakalipira, koyamba ndi komaliza. "Amayi, inu opemphera, kunama si tchimo kodi?"

Anayang'ana kukhoma ngati mwana wogwidwa ndi shuga m'manja. Patapita masiku anapita kukalapa, ndipo pobwera anali akung'ung'udza. "Ansembe aang'onowa alibe chisoni. Andipatsa chilango choti ndizidya katatu patsiku." Kuyambira pamenepo sindinkagwira mbale yanga mpaka iwo atayamba. Mwana anabadwa wamkazi, wonenepa bwino, ndipo chakumapeto kwa chakacho mvula inabwera yokwanira. Mumsewu wathu simunachitike maliro a njala.

Zitini sanazisiye ngakhale zinthu zitabwerera mwakale. Maso atayamba kuchita mdima anapereka ntchito ya nsalu za paguwa kwa amayi ena, komabe ankazisisita ndi manja n'kupeza makwinya pamene ife openya sitinawaone. Kuphiri analeka kupita miyendo itakana. Ankakhala pakampando pakati pa mbewu zawo, n'kumazizindikira pozikhudza. Mpiru ukafota ankadziwa amene waiwala kuthirira, ndipo kawirikawiri anali mwamuna wanga.

Anadwala masiku asanu ndi anayi okha. Lachinayi lapitalo m'mawa ansembe anabwera kudzawadzoza ndi kuwapatsa Ukaristia. Masana anapempha kuti tiwatulutse pakhonde, ati m'nyumba mukuzizira. Tinawakhazika pamenepo, mutu wawo uli paphewa panga, n'kuyamba korona pamodzi ndi ana ndi zidzukulu. Tili pakati mawu awo analeka kumveka. Tinapitiriza motsitsa mawu, tikuganiza kuti agona, ndipo titamaliza tinapeza kuti apita. Anali ndi zaka makumi asanu ndi atatu kudza zitatu.

Titatsekula sutikesi yawo tinapezamo madiresi atatu, buku la mapemphero lopanda chikuto, ndi timapaketi ta mbewu toposa makumi asanu ndi limodzi, tokulungidwa m'makalata akale a parishi ngati ino mukuwerengayi, tomangidwa ndi ulusi. Anatikulunga okha, osaona, ndipo m'kalikonse anasakanizamo mbewu zamitundumitundu, zokwana khomo limodzi. Tambiri tinagawa pamaliro. Tatsala tisanu ndi tinayi, ndipo tili patebulo la pakhomo la tchalitchi. Amene simunalandire tengani kamodzi. Musakasunge ngati chikumbutso, amayi sakanakondwera nazo. Kabzaleni mlungu uno nthaka ikadali yonyowa, ndipo muwakumbukire m'mapemphero anu.