Nyumba Yomwe Inabwera pa Lole

Zenera lija ndimalionabe mpaka lero: lagalasi, chotsegulira chake chonyezimira, litaikidwa kale m'khoma lomwe linagonekedwa pa lole. Ndinali mu Sitandade 4, nyengo ya chiperoni, pamene esiteti inabweretsa nyumba zopangiratu. Makoma paokha, denga palokha. Amisiri ankangolumikiza ndi mabawuti, ndipo tsiku lachitatu amalume, omwe anali kapitawo wa othyola tiyi, analandira kiyi.

Ife tinatsala kumalaini akale, m'nyumba yakuda ndi mwaye, yodontha pakona pamene ndinkagona. Msuweni wanga, amene tinkafunda naye chitenje chimodzi kuyambira tili makanda, anayamba kundiuza kuti, "Uzipukuta mapazi." M'nyumba mwawo munkanunkhira penti. Ankapumira mpweya pagalasi n'kulemba dzina lake ndi chala, ine nditaima panja, ndikuliwerenga chobwerera m'mbuyo. Aphunzitsi atatiuza kuti tijambule nyumba yamakono, kalasi yonse inajambula ya amalume. Ine ndinajambula mbuzi.

Sindidzikometsera: mtima unandiwawa kufikira ndinachita zoipa. Lamlungu lina onse ali kutchalitchi, ndinakanda katondo ndi madzi n'kupaka khoma loyera la nyumba ya amalume ndi manja awiri. Amayi sanafunse n'komwe, anangoyang'ana zikhadabo zanga. Anandipatsa ndowa ndi chiguduli. Ndikutsuka ndikulira, iwo ataima kumbuyo kwanga, ananena motsitsa mawu: "Usamasirire nyumba yopanda maziko, mwanawe." Ndinaganiza kuti nawonso nsanje yawagwira.

Mvula isanayambe, mabwana anafuna malo aja kuti awonjezere fakitale. Amisiri omwe aja anabwera ndi masipanala, ndipo dzuwa lisanapendeke nyumba inali itagonanso pa lole, kupita kudivishoni ina ya esiteti, cha ku Masambanjati. Pansi panatsala simenti yokha, ndi mpiru umene akazi a amalume anabzala, usanafike pothyola. Akaziwo ankalira atagwira dzanja la amayi. "Alamu, ndiwozi muzidya ndinu." Amalume ankangoyang'ana nsapato zawo.

Msuweni wanga anakhala pamwamba pa katundu, akundibayibitsa. Ine ndinapsa mtima koposa kale: nyumba yatsopano anagonamo ndi iyeyo, lero lole akukweranso ndi iyeyo! Ndinakana kukweza mkono, ndipo sitinaonanenso mpaka tonse tili ndi ana.

Sindinkadziwa kuti palibe anawafunsa amalume ngati akufuna kusamuka, ndiponso kuti nyumba ikamamasulidwa ndi sipanala, okhalamo nawonso amawerengedwa ngati katundu wa pa lole.