Mkazi wa Atate Atabwera ku Chawama

Mwezi wa Ogasiti ku komboni ya Chawama unkanunkha fumbi ndi utsi wa mbaula. Mphepo inkakoleka mapepala apulasitiki pa mawaya a magetsi, ndipo miyendo yathu inkatuwa ngakhale atipake mafuta chotani. Chaka chimenecho ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi, ndipo chikwama changa chinali chitakhala kuseri kwa chitseko sabata yathunthu, zovala zili kale m'kati.

Atate anali atabwerera kwawo ku Katete banja litatha. Kukhoti anagamula kuti patchuthi ndizipita kwa iwo, koma palibe ananena za woti azilipira basi. Atate ankatumiza ndalama ya mpando umodzi. Amayi ankati mwana wamkazi sangayende yekha tsiku lonse, ndipo wondiperekeza ayenera kulipiriridwa popita ndi pobwera. Atate ankati amayi akungofuna podyera. Ankakangana pafoni, amayi ataima kuseri kwa nyumba pafupi ndi chingwe choyanikira zovala, mawu atatsitsa kuti anansi asamve. Tchuthi cha Epulo chinatha choncho, ndipo ine ndinkawakwiyira amayi mumtima.

Tsiku lina masana panafika mayi wamfupi, mapazi ali mbuu, atasenza kathumba ka mtedza. Anafunsira njira kwa ogulitsa makala mpaka anapeza pakhomo pathu. Anali ba Felesiya, mkazi watsopano wa atate. Amayi ankachapa, ndipo anapitiriza kuchapa mpaka beseni linatha, mlendo ali chiimire padzuwa. Kenako anandiuza kuti nditulutse kampando.

"Bakutumani?" anafunsa amayi.

"Sibaziba kuti nili kuno," anayankha ba Felesiya. "Bamake Esinati, ine nimabwelesa nshawa ku msika. Mwana niyende naye. Nizamubweza neka, pa khomo pano."

Amayi anamasula kathumba kaja n'kuyamba kuswa mtedza, ndipo mlendo nayenso anayamba kuswa. Makoko ankauluka ndi mphepo mpaka m'ngalande. Mbale itadzaza, amayi anafotokoza osamuyang'ana kuti ine ndimasanza m'basi, ndimadwala chifuwa kukazizira, ndipo usiku ndimaopa kupita kuchimbudzi ndekha. Ba Felesiya anabwereza zonse zitatuzo ngati mwana wa sukulu.

Tinanyamuka patapita masiku awiri. Amayi anatiperekeza mpaka kokwerera basi, anandimanga juzi m'chiuno, ndipo anatembenuka basi isananyamuke. Pamapiri a ku Luangwa ndinasanzira pachitenje cha ba Felesiya. Iwo anangochipinda, anandipukuta kukamwa ndi m'mphepete mwake mouma, n'kundipatsa ndimu kuti ndizinunkhiza. Ku Katete atate anandinyamula ngati khanda, akumayang'ana mkazi wawo. Masabata atatu atatha, ba Felesiya anandibweza ku Chawama tsiku lenileni lomwe analonjeza. Anamwa madzi ali chiimire, n'kubwerera. Kuyambira pamenepo amayi ankalipira mpando wanga popita, atate pobwera, ndipo mikangano ya pafoni inachepa.

Nthawi imeneyo ndinkaganiza kuti ba Felesiya ankangonditenga chifukwa njira yathu inali imodzi, ndipo kuti amayi anatembenuka msanga chifukwa chothamangira kumsika. Sindinaone kuti pa ulendo wondibweza uja ba Felesiya analibe thumba ngakhale limodzi. Mtedza unali utatha, ndipo mpando wawo analipira okha. Za amayi ndinadzazimvetsa nditabereka mwana wanga. Tsiku loyamba kumusiya kwa munthu wina, ndinayenda pang'ono n'kukaima pakona. Ine ndinali nditamusiya kwa mchemwali wanga, kwa masana amodzi. Amayi anandipereka kwa mkazi amene anawalowa m'malo, kuti ine ndisakule wosadziwa atate anga.